Wakuuza Ndani?

Lachiwiri ankatiphunzitsa malamulo,
Lachinayi za utolankhani,
chipinda chomwecho, choko chomwecho,
pansi pa fani yomwe inafa ife tisanabwere.
Pulofesa Khondowe, mayi wamfupi wosadziwa kuthamanga,
ankalowa ndi fumbi la ku Kapata kumapazi
naika chikwama pa tebulo ngati akutula mwana wogona.

Lachiwiri ankati: Munthu saweruzidwa asanatsegule pakamwa.
Lachinayi ankati: Mtolankhani woopa agalu
akagulitse tomato.
Tikambenji, mnzanga wa pa benchi, anakweza mkono:
Nanga titsate uti, amayi,
inu wa Lachiwiri kapena inu wa Lachinayi?
Iwo anapukuta choko m'manja:
Lachitatu analiikira pakati kuti muziganiza.

Cholembera chawo chofiira chinkadziwa funso limodzi lokha.
Wakuuza ndani?
Ndikalemba kuti "anthu akuti"
ankazunguliza kawiri mpaka pepala kuboola:
Anthu ake ati? Ali ndi mayina? Amagona kuti?
Mayeso oyamba ndinakabisa pansi pa matiresi ku Mchini,
ofiira ngati ndapherapo nkhuku.

Chaka chachitatu anatipezera mphindi zisanu pa wailesi ya m'tauni.
Ndinali nayo nkhani yonona:
chimanga chodutsa usiku m'njira zachidule za ku Mwami,
matumba pa njinga, nyali zozima,
ndi dzina lomwe ndinatola kwa kondakitala wa minibasi.
Yotamu Mshanga.
Ndinalitchula momveka, kawiri konse.
Anzanga anandinyamula m'mwamba. Ndinagona wokhuta osadya.

M'mawa mwake iwo sanakalipe.
Anandipatira ndalama ya kabaza m'dzanja:
A Yotamu Mshanga alipo awiri. Pita ukaone winayo.

Ndinamupeza ku Navutika pansi pa mtengo wa mango,
manja ali bii ndi girisi,
akumiza chubu m'beseni la madzi
kufuna pomwe mpweya ukuthawira.
Sanadzutse mutu.
Ndinu a pa wailesi aja? Khalani pa tayalapo.
Dzulo apongozi atuma mwana kudzatenga wilibala yawo.
Kumpingo akuti ndiyambe ndapumula pa zosunga chopereka.
Timathovu tinakwera m'madzi, iye anaikapo chala.
Ichi ndimata, anatero,
nanga inu mwabwera ndi chigamba chanji?

Ndinapepesa Loweruka, masekondi makumi anayi,
pakati pa uthenga wa maliro ndi malonda a mbewu.
Ambiri amene anamva bodza lija
anali atalawirira kudimba.

Lachiwiri lotsatira ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi tsache.
Pa bolodi analemba za mlandu woipitsa mbiri ya munthu,
ndime yake, chilango chake, chindapusa chake.
Sanandiyang'ane.
Nthawi itatsala pang'ono anaika choko pansi:
Zotsalazi atiphunzitsa ndi Msaiwale,
wafika kumene buku silifika.
Ndinaima, mawondo akuombana,
ndipo m'malo mwa ndime ndi zaka
ndinakamba za beseni, za wilibala,
za momwe dzina limaphwera osamveka phokoso.
Palibe anaseka. Ngakhale Tikambenji.

Lero Tikambenji amavala mkanjo wakuda kukhoti,
amafunsa mboni funso lomwe lija, mwaulemu, mpaka thukuta.
Ine ndikadali pa wailesi yomweyo,
ndimadzutsa Chipata dzuwa lisanatuluke pa Kanjala.
Njinga yanga imakonzedwa kwa a Mshanga;
amandilipiritsa mtengo wonse, sachotsapo ngwee,
ndipo sitinakambepo za chimanga.

Pulofesa anapuma ntchito.
Akuti akuweta nkhuku ku Katete,
akuti maso ayamba kuchita chifunga,
akuti...

Taonani, ndagwanso m'mbuna yomweyo.
Lamulungu ndikwera basi yoyamba
ndikamve kwa eni ake.